Masabata Atatu Ndikukangana ndi Wailesi

Imelo yondiitana ku kampani ya maloya inandipeza ndili m'basi yochokera ku Partick, kuno ku Glasgow, jumbo ya anyezi ndi mafuta ophikira ili pamiyendo. Ndinaiwerenga katatu. Ankati mayeso a pa intaneti aja ndakhoza, tsono pakatha masabata atatu ndipite ku ofesi yawo m'tauni, ndikakhale kumeneko tsiku lonse pamodzi ndi ena ofuna ntchito yomweyo, akatiyese. Kudzakhala kulemba, kudzakhala intavyu, kenako zokambirana za pagulu. Nditafika pa mawu otsirizawo ndinazimitsa foni n'kumayang'ana panja. Ndinapitirira siteji yanga ya ku Maryhill osazindikira, n'kubwerera wapansi m'kamvula kowaza.

Wina akanadumpha ndi chimwemwe, koma ine ayi. Zokambirana za paguluzi n'zimene zinandigwetsa chaka chapitacho ku kampani ina, ndipo mwayi uwu unali wotsiriza. Viza yanga inali itatsala ndi miyezi yowerengeka. Kampani yoti indilembe zaka ziwiri zophunzira uloya ndiyo ikanandisainira mapepala oti ndikhalebe. Kupanda apo ndinkayenera kulongedza mabuku anga n'kubwerera kwathu ndi digiri ya malamulo a ku Scotland, amene kwathuko palibe amawafunsa. Makampani ena onse anali atandiyankha kale, mwaulemu ndithu, kuti ayi.

Ndifotokoze kaye mmene zokambiranazi zimakhalira. Amakukhazikani anthu asanu ndi mmodzi patebulo n'kukupatsani pepala la nkhani yopeka: kasitomala wakuti akufuna kugula fakitale, kapena kutsegula mashopu m'dziko lina, tsono mumulangize. Nthawi ndi theka la ola. Maloya awiri kapena atatu amakhala pakona ndi zolembera, osayankhula, kumangokuyang'anani. Ulendo woyamba uja nkhaniyo ndinaimvetsa bwino lomwe. Ndinaona ndi pamene panali msampha, ndime ina ya m'kontirakiti ya lendi imene anzangawo anailumpha onse. Ndinakonza mawu anga m'mutu n'kudikira kuti amene akuyankhulayo amalize. Asanamalize, wina analowa. Uyonso asanamalize, wina. Ine kudikira. Panalibe wapampando woti anene kuti tsopano timve kwa mayi apo. Mpata utapezeka ndinayamba ndi kuthokoza onse amene anayankhula ine ndisanayankhule, monga achitira munthu woleredwa, ndipo ndisanafike pa ndime ya lendi ija mayi wina pakona anati nthawi yatha.

Safunsa anadya phula, choncho atandikana ndinawaimbira kuti ndimve pamene ndinalakwitsa. Mtsikana wa mu ofesi yolemba anthu ntchito anandiuza mokoma mtima kuti zolemba zanga zinali zabwino kwambiri, koma pagulu paja sanandimve. Sakanandipatsa malikisi pa zinthu zimene zinatsalira m'mutu mwanga. Ndinamuthokoza. Ndikukumbuka kuti ngakhale pafoni pomwepo ndinadikira kuti amalize kaye chiganizo chake chonse.

Khalidwe limeneli silinachokere kutali. Ndinakulira m'nyumba ya aphunzitsi ku Ntcheu, ndipo amayi anga sanandimenyepo chifukwa choswa mbale kapena kutaya chenje. Koma tsiku lina ndili Sitandade 4 kunabwera alendo, abambo ena achikulire ochita chibwibwi, ndipo ine powamvera chisoni ndinawamalizira mawu amene ankalimbana nawo. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Alendo atapita anandikhazika pansi nati, "Munthu akamayankhula amakhala wasenza katundu. Uzimusiya atule." Sanabwerezenso, ndipo sipanafunike kubwereza. Ndinakula ndikusiya anthu kuti atule, kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kwa kondakitala wa minibasi.

Amayiwo ndi akatswiri osenza katundu wautali. Akafuna kukuuza kuti mbuzi yaswa, amayambira pa mmene anadzukira, kumene kunali mitambo, amene anadutsa pamsewu ndi zimene anavala. Mbuziyo mumakaipeza patapita mphindi makumi awiri, nthawi zina osaipeza n'komwe. Kuyambira pamene ndinabwera ku Glasgow timayankhulana Lamlungu lililonse masana, ine ndikachoka kutchalitchi. Chiyambireni imfa ya abambo amakhala okha, ndipo nkhani za sabata yonse ankandisungira ine. Ndinkaika foni patebulo n'kumasenda mbatata iwo akuyenda nane mudzi wonse. Panalibe ola lina m'sabata limene ndinkamva Chichewa chochuluka chotero.

Za imelo ija sindinawauze. Akamva kuti ndili ndi mayeso amasala kudya, chonsecho amamwa mankhwala a BP ofunika kudyera. Kutchalitchinso sindinauze aliyense. Ulendo woyamba uja ndinalengeza, anandiimika kutsogolo n'kundisanjika manja, ndipo kwa miyezi iwiri yotsatira Lamlungu lililonse pa tiyi ndinkalandira funso lomwelo: "Aloya athu, zayenda bwanji?" Ankafunsa mwachikondi, koma chikondi chake chinkandiwotcha kumaso. Ndinalumbira kuti nthawi ino ndizisunga mpaka zitapsa. Vuto lake linali lakuti chimene ndinkafunika kuphunzira chinali cha pagulu, ndipo gululo ndinali nditadzimana ndekha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayang'ana m'fulati mwanga kuti muli chiyani choyankhula, n'kupeza kawailesi kamene anasiya amene ankakhalamo kale, kokhala ndi madontho a penti pamwamba. M'mawa uliwonse pamakhala pulogalamu imene anthu amaimba foni n'kumakangana za misewu, za mabasi, za mpira. Ndinakaika kawailesiko patebulo la kukhitchini. Mipando ndinali nayo itatu. Pa wina ndinakoleka jekete langa la mvula, pa wina ndinaikapo pilo, kuti ndizikhala ndi oyang'ana. Lamulo ndinadziikira ndekha: palibe kumwa tiyi ndisanadule munthu mawu kakhumi.

Tsiku loyamba tiyi ndinamwa masana. Mungaseke, koma ndinalephera kudula mawu wailesi. Bambo wina ankadandaula za maenje a mumsewu wa kwawo, ine nditatsegula pakamwa, chiganizo changa chili chokonzeka, koma lilime linakana. Ndinkadikira kuti amalize. Munthu woti sakundiona, sakundimva, sadzandidziwa mpaka kalekale, ine n'kumamupatsa ulemu m'khitchini mwanga! Nditakwanitsa koyamba, mawu anatuluka aang'ono, ndipo ndinadzimva ndikuwonjezera kuti pepani. Ndinapepesa wailesi. Ndinaseka mpaka kugwetsa misozi, ndipo kenako misoziyo inapitirira yokha kusekako kutatha, chifukwa munalibe wina m'nyumbamo woti ndiseke naye.

Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Pofika tsiku lachinayi ndinali nditatulukira chinsinsi chake. Munthu aliyense, ngakhale wolongolola bwanji, amapuma. Pakati pa mawu pamakhala kamphindi kamene amakoka mpweya, ndipo amene akufuna kulowa amalowera pamenepo. Sudikira kuti ganizo lake lithe, umadikira mpweya. Ndinalemba pakapepala ziganizo zitatu za Chingerezi zolowera, n'kumata pa firiji. Chimene chinkandiyendera bwino chinali chakuti, "Sorry, can I just come in there?" Ndinachinena kwa oyankhula pa wailesipo, madalaivala a mabasi, kwa makhansala, kwa gogo wina wokwiya ndi njiwa za pakhonde pake. Onsewo ankapitiriza kuyankhula osandilabadira, inenso ndinaphunzira kupitiriza osawalabadira.

Masana ndinkachita zinazo. Ndinkawerenga nkhani za malonda, chifukwa makampani amenewa amafuna munthu wodziwa chimene chikudetsa nkhawa makasitomala awo, osati malamulo okha. Ndinaloweza nthambi za kampaniyo ndi mitundu ya milandu imene imagwira. Ndinayeserera kuyankha funso lakuti ndinene nthawi imene ndinatsogolera anthu, funso limene kwathu woliyankha bwino timamuti wodzitama. Mutu ukatentha ndinkatsikira kungalande ina yaikulu imene imadutsa kuseri kwa nyumba zathu, n'kuyenda m'mphepete mwake mpaka pamageti a madzi. Anthu oyendetsa agalu ankandigwedezera mutu. Masiku ena kugwedeza mutu kumeneko ndiye anali macheza anga onse ndi munthu wamoyo.

Sabata yachiwiri ndinakumana pamasitepe ndi agogo aakazi a chizungu okhala khomo loyang'anana ndi langa. Anandigwira pamkono n'kundiuza kuti akumva mawu m'mawa uliwonse kudzera m'khoma, ndipo akondwa kwambiri kuti tsopano ndapeza anzanga obwera kudzacheza. Ankada nane nkhawa, anatero, mtsikana kukhala yekhayekha chotero. Ndinawathokoza. Sindinawauze kuti anzangawo ndi jekete, pilo ndi kawailesi ka penti.

Lamlungu lotsatira, pa tiyi wa kutchalitchi, ndinakhala pafupi ndi anti ena amene amagwira ntchito ya unamwino, mayi amene anandilandira nditangofika kumene. Ankafotokozera anzawo mmene galimoto yawo inafera pamsewu, ndipo mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, anawalowa pakati popanda ndi kuphethira komwe.

"Naw, Mum, that's no what happened."

"Iwe, ndikuyankhula ndine kapena iwe?" anatero antiwo. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwaona, asisi? Ana a kuno ndi choncho. Amangokuintarapta ngati ali pa TV. Inu amayi anu anakulerani, musadzasinthe."

Ndinamwetulira n'kuyang'ana m'kapu. Mumtima ndinkamusirira mwanayo. Chimene ine ndinkachikhetsera thukuta m'mawa uliwonse, iye anali nacho chibadwire.

"Nanga za maapulikeshoni zili pati?" anafunsa antiwo motsitsa mawu.

"Tikudikirabe, Anti."

"Mulungu ndi wabwino. Tikukupemphererani."

Pofika sabata yachitatu tiyi ndinkamwa nthawi yake. Kakhumi ndinkakwanitsa nkhani za m'mawa zisanathe. Koma pali chinthu chimene sindinachione chikubwera. Ndinali nditasiya kumva zimene anthu akunena. Mukanandifunsa kuti bambo uja wadandaula chiyani, sindikanakuyankhani, koma ndikanakuuzani kuti amapuma pakatha mawu angati. Khutu langa linali litasanduka la mlenje, lomvetsera mpweya wokha. Ndinkaona ngati ndi luso, ndipo ndinkanyadira.

Tsiku loyesedwa linali Lachiwiri. Lamlungu lake masana ndinaimbira amayi monga mwa nthawi zonse. Suti inali itapachikidwa pachitseko, yosita kale, ndipo patebulo panali mapepala a nkhani yopeka imene ndinkayeserera. Tinapatsana moni. Anafunsa za kuzizira, ndinafunsa za miyendo yawo. Kenako anayamba.

"Ndiye Lachinayi lija ndinati ndipite kuchigayo. Ndinadzuka bwinobwino, kunja kuli kamphepo. Chimanga ndinali nditapeta Lachitatu, chija cha m'thumba lachiwiri. Ndikufika pamlatho paja ndinakumana ndi akazi a ahedi aja anamwalira, ukuwakumbuka, aja ankakupatsa magwafa. Avala chitenje cha chipani chakalekale, ndinati koma mayi inu simutaya zinthu. Ndiye akuti kuchigayo magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Ndinati ah, poti ndanyamuka kale, ndikafike. Tinayenda limodzi. Tili m'njira anayamba kundiuza kuti..."

Apo anakoka mpweya. Ndinaumva bwinobwino, ngakhale unachokera kutali chotero. Ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Amayi, pepani ndilowe pamenepo. Mfundo yake ndi iti?"

Kunangoti zii. Ndinamva tambala akulira kwinakwake kuseri kwawo, ndi wina akutunga madzi pampopi. Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka, koma masekondi ankawerengabe.

"Palibe mfundo, mwanangu," anatero pomaliza. "Ndimangokuuza."

"Ayi, pitirizani."

"Uli ndi zochita, eti?"

Apa ndiye pamene ndikanaulula zonse, za imelo, za wailesi, za viza. Koma ndinaganiza za mankhwala aja ndi kusala kudya, n'kungoti, "Pang'ono."

"Chabwino. Gwira ntchito. Uzivala zofunda."

Anadula. Ndinakhala pampando foni ili m'manja. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuimbanso nthawi yomweyo, koma sindinaimbe. Ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi: pansi pa chisoni chonsecho panali kachimwemwe. Ndinkati ngati ndadula mawu amayi anga ondibereka, palibe mwana wa mzungu amene angandiletse Lachiwiri. Ndinaopa kuti ndikapepesa, chimene ndamanga masabata atatu chigumuka. Ndinati ndidzapepesa zikatha.

Lachiwiri ndinakwera basi ya m'mawa kupita m'tauni, nsapato zosinthira zili m'chikwama. Ofesi yawo inali pamwamba, ya magalasi okhaokha, mtsinje ukuoneka pansi. Kulemba kunayenda. Intavyu inayenda, ndipo ndinadzitama mpaka ndinadzidabwa. Titadya masangweji anatilowetsa m'chipinda cha tebulo lalitali, anthu asanu ndi mmodzi, maloya atatu pakona. Nkhani inali ya kampani yopeka yofuna kugula mahotela. Mnyamata wina wa tayi yofiira anayamba pepala tisanamalize n'kuwerenga komwe. Ndinamusiya ayende mawu angapo. Atakoka mpweya, ndinalowa. Anandiyang'ana modabwa, koma anandisiya ndiyankhule, ndipo pakona paja zolembera zitatu zinayenda nthawi imodzi. Ndinalowanso kachiwiri, kachitatu. Sizinapweteke n'komwe.

Kumapeto kwa tebulo kunali mtsikana wina wofatsa, chala chake chili pandime ina ya pepalalo. Pakamwa ankatsegula n'kutsekanso. Ndinamuzindikira msanga, chifukwa mpando umenewo ndinaukhalapo. Ndinadula wa tayi uja n'kunena kuti timve kwa mnzathuyu. Anandiyang'ana moyamikira n'kuyamba kuyankhula, ndipo ndinaona zolembera zikuyendanso. Koma musandiyese wabwino. Ndinali nditawerenga kuti kuitana wofatsa kumapatsa malikisi. Ndipo zimene ananena mtsikanayo sindinazimve ngakhale liwu limodzi, chifukwa ndinkamvetsera pamene apumire.

A kukampani kuja anandiimbira Lachisanu ndili m'mphepete mwa ngalande ija. Ananditenga. Mayi woimbayo anati chimene chinawasangalatsa kwambiri ndi mmene ndinkayendetsera zokambirana. Ndinathokoza, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimuuze. Panali bambo wina ndi galu wake, ndipo anandigwedezera mutu.

Lamlungu kutchalitchi ananditulutsa kutsogolo, anti aja analuluta mpaka azungu a m'mipando yakumbuyo anadzidzimuka. Masana ndinaimbira amayi n'kuwafotokozera zonse kuyambira pa imelo. Anandimvetsera osandidula mpaka ndinamaliza. Kenako analira, anayamika Mulungu, anati abambo ako akanakhalapo. Za wailesi anaseka. Ndinapepesa za Lamlungu lija, iwo anati palibe kanthu, munthu ukakhala ndi mayeso mutu sukhala wako.

"Tsono Amayi, nkhani ya kuchigayo ija. Akazi a ahedi aja anati chiyani?"

"Iti? Aa, ndinaiwala. Sinali nkhani yoti n'kusunga."

Amayi anga saiwala nkhani. Amakumbuka mtundu wa diresi limene munthu anavala pa ukwati wa zaka makumi atatu zapitazo. Ndinafunsanso sabata yotsatira, yankho linali lomwelo, ndipo ndinasiya.

Walira mvula walira matope. Ntchito ndinayamba, mapepala anasainidwa, ndipo ndikukhalabe ku Maryhill m'fulati yomwe ija. Ku ofesi amandiyamikira kuti sindizungulira. Akuluakulu a kumeneko amafuna kuti uziyamba ndi yankho, zifukwa zizibwera pambuyo, ndipo ine ndimawapatsa momwemo. Chimene sindinayembekezere n'chakuti amayi nawonso anaphunzira kayankhulidwe kameneka, ulendo umodzi wokha, popanda wailesi. Sanakwiye. Anangoganiza kuti mwana wawo ndi munthu wotanganidwa, ndipo akundisungira nthawi.

Lamlungu lapitali ndinawaimbira nditasenda kale mbatata, nditazimitsa chilichonse, kuti ndikhale ndi ola lathunthu.

"Kumudzi kuli bwanji, Amayi?"

"Kuli bwino. Mvula yagwa, mbuzi yaswa awiri, maliro kulibe."

Anathera pomwepo. Ndinakhala chete kuti apitirize, kuti ayambire pa mmene anadzukira, pa mitambo, pa amene anadutsa pamsewu. Iwonso anakhala chete kudikira ine, kuti mwina ndili ndi choti ndilowe nacho. Ndinkawamva akupuma. Tinakhala choncho kanthawi ndithu, aliyense akusiyira mnzake kuti atule, mpaka iwo anati, "Basi, ndisakuchedwetse."